Mpanda wa Njati za Nsangalabwi

Kale, mzinda wa Blantyre usanatambasule miyendo kufika kuno, malo amene lero timawatcha Nsangalabwi anali miyala yokhayokha, moti ngakhale mbuzi zinkawanyoza. Oyamba kumangapo anali Alhomwe ochokera ku Phalombe, amene anabwera kudzafuna ntchito za njanji ku Limbe. Pakati pawo panali Mulapiha, amene anabereka Waya Namakhwa. Waya anabereka Sipiriyano, ndipo Sipiriyano, amene anamwalira akadali mnyamata, anasiya mwana dzina lake Dikisoni. Akuluakulu amene anandifotokozera mbiriyi amatsutsana pa zambiri, koma likatchulidwa dzina la Waya, onse amavula zipewa.

Waya anali wowotcherera zitsulo, wamfupi ndi wamatewe, koma mpira ukafika pa phazi lake sunkafuna kuchoka. Iye ndiye anasonkhanitsa akalipentala, atelala ndi onyamula katundu n'kuyambitsa timu ya Njati za Nsangalabwi. Bwalo analilambula m'munsi mwa phiri, ndipo popeza ankasewera opanda nsapato, miyala inkawazula zikhadabo. Choncho Waya anaika lamulo lakuti munthu asakhudze mpira asanatole mwala umodzi m'bwalomo n'kukauika kumtunda, mbali ya phiri. Miyalayo sinkatha, pakuti dzinja lililonse nthaka inkabala ina monga ibalira bowa. Mulu unakula mpaka unasanduka mpanda wobisa munthu wamtali.

Njati zinakwera mpaka ligi ya m'chigawo, osewera akugwirabe ntchito zawo masana. Matimu a m'tauni ankafa nazo kuseka poona amuna andevu akutolatola pansi ngati nkhuku, koma pobwerera ankakwera basi atazyolika, ndipo ife zimenezo zimatikomera mpaka lero.

Patapita zaka kunabwera mphunzitsi watsopano, Bambo Chikafa, munthu wodziwa mpira ndithu. Iwo anati mwambowo ndi wachikale, ndipo anabweretsa katapila kuti igumule mpandawo pamangidwe mipando ya oonerera. Dikisoni, amene tsopano anali kaputeni, anavomera, pakuti kusekedwa kunali kutamukwana. Waya, atakalamba zedi, anatsimphina ndi ndodo yake n'kukakhala pansi patsogolo pa katapilayo.

"Agogo, dzukani, mukutichititsa manyazi," anatero Dikisoni. "Mwala sumwetsa chigoli."

"Ndinakuuza liti kuti umamwetsa?" anayankha Waya. "Bambo ako sanakusiyire chithunzi, koma miyala yawo ili umu. Isankhe uitaye wekha, ine ndidzuka."

Woyendetsa katapila anazimitsa injini, nati iye sanalembedwe ntchito yoponda nkhalamba, ndipo onse anagwirizana kuti nkhaniyo adzaione mvula ikatha.

Dzinja limenelo Napolo, chinjoka cha m'phiri, anasamuka. Anatsika m'mawa anthu akupenya, atasenza matope, mitengo ndi matanthwe, nalunjika bwalo ndi nyumba zonse za kumunsi kwake. Atafika pa mpandawo anauwomba, mpanda osasuntha. Anauwombanso, kenaka anapotoloka n'kukagwera kukhwawa. Ku Nsangalabwi sikunafe ngakhale mwanapiye.

Waya sanafike nyengo yokolola. Tsiku la maliro ake bokosi linadutsa pabwalo, ndipo Dikisoni, misozi ili chuchuchu, anawerama, natola miyala iwiri. Umodzi unali wake, winawo anati ndi wa agogo ake, chifukwa munthu salowa m'bwalomo chimanjamanja. Bambo Chikafa anavula chipewa, nawonso anawerama.

Mipando ya oonerera inamangidwa mbali ina. Mpandawo ulipo mpaka lero, ndipo mzere wa matope ofiira a Napolo ukuonekabe cha m'chifuwa mwa munthu. Bwalo linamera kapinga, moti miyala ikusowa, ndipo anyamata amakwawa kuifunafuna. Koma Loweruka lililonse, ngakhale oimbira mpira aimbe wezulo motani, Njati sizikhudza mpira mpaka womaliza ataupeza mwala wake.