Mpeni wa Jekapu ndi Suti Yoyera

Jekapu ankakonda timipeni topinda ngati ana ake. Kena kanali ka chigwiriro cha mtengo, kena ka mkuwa, koma kapamtima kanali ka nyanga ya ng'ombe, kosachoka m'thumba.

Tsiku lina pa ukwati, Jekapu akusenda nzimbe ndi kampeni kanyangako, anatulukira a Katsekera, kapitawo wa ku esiteti ya fodya komwe iye ankagwira ntchito. Anali atatchena suti yoyera mbee.

"Iwe, kampeni kako kandisangalatsa. Bweretsa, apo ayi Lolemba usaoneke kuntchito."

"Mwandilemekeza, bwana!" anatero Jekapu, napereka ndi manja awiri.

Kenaka anathamangira kuseri, kumene amayi ankadikira munthu wosenda mbuzi. Pamudzipo ntchitoyi inali ya mwini mpeni wanyangawo, ndipo panalibe wokana.

"Amayi, mpeni uja wapeza mwini watsopano! Ndi abwana ali apowo!"

Nthungululu zinalira. Amayi anawazinga a Katsekera, kuwavinira, kuwakokera ku mbuzi zolendewera pamtengo wa mango. Akanakana bwanji, apongozi awo, omwe analinso paukwatipo, akuyang'ana? Mbuzi yoyamba, suti inafiira. Yachiwiri, anaboola chifu, ntchentche n'kubwera ndi abale awo omwe.

"Jekapu, mphwanga," ananong'ona a Katsekera, "tenga mpeni wako."

"Pepani bwana, mphatso sabweza. Anthu anditi chiyani?"

"Ndapota nawe!"

"Chabwino, koma mpeniwo usabwere wokha. Uperekezedwe ndi mnzake uja mumasendera malalanje ku ofesi."

A Katsekera anapisa m'thumba msangamsanga ndi dzanja lamagazilo.

Jekapu anabwerera kwawo akuimba mluzu. Mpeni unapita umodzi, inabwera iwiri.