Alendo a Bambo Chimbalanga

Okayika nonse, ndimvereni mpaka kumapeto. Nankhoma anali ndi kagulu ka pa WhatsApp ka anthu makumi atatu, kouzana kumene kwatsegulidwa belo labwino la kaunjika. Bambo Chimbalanga, eni tsamba lalikulu la malonda pa Facebook, anamuimbira foni: "Mayi, mukundilanda anthu. Tsekani, apo ayi ndikuyalutsani."

"Nditseka, bambo, koma anthuwa sangandikhulupirire ine. Lengezani inuyo patsamba lanu, muikeponso linki kuti adziwe gulu lake."

A Chimbalanga analengeza monyadira. Anthu anakhamukira kukaonerera maliro a gululo, napeza kaunjika wotchipa, nakhazikika.

"Bwanji simunatseke?" anakalipa a Chimbalanga.

"Alendo anu ndiwathamangitse ine, bambo? Si ulemu. Ndapezapo anthu mazana asanu, ndiponso wondilengezera waulere."