Njerwa ya pa Chitseko cha Ahedi

Mu ofesi ya ahedi a sukulu ina ya boma munali wantchito mmodzi yekha amene sankajomba, sankadwala, ndiponso sankapempha tchuthi: njerwa. Inkakhala pansi, kutchinga chitseko kuti chisatsekeke. Chogwirira cha chitsekocho chinathothoka zaka ziwiri zapitazo, sabata yomwe kalipentala wa pasukulupo anagonekedwa m'chipatala. Iye anatumiza uthenga woti akachira adzakonza. Sanachire. Ahedi anatumiza kumaliro kalata yodinda bwino, eni ake osapita poti kunali msonkhano, ndipo njerwa inalowa m'malo mwa malemu.

Lolemba lina kunabwera kalata yochokera ku ofesi ya maphunziro. Inati Lachinayi kubwera woyendera sukulu, ndipo sukulu iliyonse imene ipezekenso kumchira chaka chino, ahedi ake atsitsidwa, abwerera kukagwira choko. Chaka chatha sukuluyi inali kumchira kwenikweni, kuja ng'ombe imaingitsira ntchentche. Ahedi anali atakhala pa mpando wozungulira zaka khumi ndi chimodzi. Choko ankachiona ngati chibwenzi chakale: ukachiona pamsika umatembenuka n'kuyamba kufunsa mtengo wa zinthu zimene sukuzifuna.

Anaitanitsa achiwiri awo, mayi wa mawu ochepa amene ankaphunzitsa masamu.

"Mayi, matenda a sukulu ino ndi ana khumi ndi awiri a Fomu 3," anatero ahedi. "Aja amatolera mazira pa mayeso ngati ali ndi khola. Woyendera akafunsa mmodzi yekha wa amenewo, ine ndapita."

"Ndiye tiwaphunzitse, ahedi."

"Pofika Lachinayi? Ngakhale nkhuku imafungatira masabata atatu."

Nzeru yawo inali iyi: ana khumi ndi awiriwo avale maovolosi, apatsidwe maburashi, azipenta khoma la kuseri. Woyendera akafunsa, ndi aganyu. Ndani anayamba wafunsapo wopenta masamu?

"Mukubisa ana a eni ngati zovala zakuda kukabwera apongozi," anatero achiwiri. "Chabwino. Koma chimodzi chokha ndikupempheni: njerwa iyi musaichotse."

"Mlendo wa boma alandiridwe ndi njerwa?"

Lachitatu ahedi anatulutsa chogwirira chija m'dirowa, n'kuchimata pachitseko ndi chingamu cholanda kwa ana, mbali zonse ziwiri. Anapaka penti yabuluu pamwamba pake, chitseko chonse waliwali. Njerwa anaitaya kuseri kwa chimbudzi, osaithokoza n'komwe.

Kenako anasonkhanitsa apenti awo. Pakati pawo panali mwana wa malemu kalipentala uja, mtsikana amene anzake ankamutchula Namisomali chifukwa misomali inkalira m'matumba ake poyenda. Chimwalirireni bambo ake, mabuku sankamulowa. Ankayang'ana pa bolodi ngati akuyang'ana mvula. M'chikwama chake munali kope limodzi ndi sikuludiraiva ya bambo ake, ya chigwiriro chamtengo chimene chinachita kulowa m'kati pomwe pankakhala chala chawo chachikulu.

"Mawa ine si ahedi anu," analamula ahedi. "Ndine bwana. Inu simunaonepo m'kati mwa kalasi. Amene alankhule ndi mlendo ndimuchotsa sukulu."

"Ndiye mutichotsa bwanji, bwana, poti ife si apasukulu?" anafunsa Namisomali.

"Iwe, penta!"

Lachinayi woyendera anafika: mayi wamfupi, wa magalasi olendewera pa chingwe, woyenda ngati akuwerenga mapazi ake. M'kalasi la Fomu 3 anapeza ana makumi anayi atakhala mowongoka ngati makandulo. Chilichonse chimene anafunsa kuchokera m'buku, mayankho ankabwera pamodzi ngati kwaya.

"Mukamaliza sukulu mudzagwira ntchito yanji?"

"Udokotala, mayi!" onse makumi anayi.

"Nonse? Nanga odwala adzachokera kuti?"

Ana anayang'ana ahedi, chifukwa funso limenelo sanaliloweze. Woyendera anatsegula kaundula.

"Muno muli mayina makumi asanu ndi mphambu ziwiri. Khumi ndi awiri ali kuti?"

"Chimfine, mayi," anatero ahedi.

"Chimfine chosankha bwanji! Chagwira okhaokha olephera masamu."

Ahedi anaseka kuseka kwa munthu wopondedwa chala m'tchalitchi, n'kuwaitanira ku ofesi. Kumeneko anawathira tiyi kapu yoyamba, yachiwiri, yachitatu, poganiza kuti pakamwa podzadza sipafunsa. Mwadzidzidzi kunadza kamphepo. Chitseko, chimene kwa zaka ziwiri chinkalakalaka mwayi umenewu, chinati phaa!

Ahedi anapitiriza kufotokoza za masomphenya a sukulu ngati sanamve. Koma tiyi ali ndi ulendo wake. Woyendera anaimirira n'kunena mwaulemu kuti akufuna akataye madzi. Anagwira chogwirira. Chinatsalira m'manja mwawo, chingamu chikutamuka ngati ulusi wa kangaude. Cha kunja nachonso chinagwa chokha, ngwe! posafuna kusiyana ndi mnzake.

"Ndi mtundu watsopano," anatero ahedi.

Anakankha ndi phewa. Penti inali isanaume, ndipo suti yawo yapamisonkhano inasanduka mbendera. Pawindo panali zitsulo. Anatulutsa mphuno pakati pa zitsulozo n'kukuwa kuti kubwere mwana wanzeru kuposa onse. Anabwera, tayi ali pakhosi, n'kuima patsogolo pa chitseko manja kumbuyo. Analongosola m'Chingerezi chosalala tanthauzo la chitseko, mitundu itatu ya zotsegulira, ndi chaka chimene loko anapangidwa koyamba.

"Tsegula tsono!" anakuwa woyendera, amene tsopano ankasinthanitsa miyendo ngati pansi pakutentha.

"Zimenezo sizibwera pa mayeso, mayi."

Aphunzitsi anapanga komiti. Wina anati aitane ozimitsa moto. Wina anati apemphere kaye. Achiwiri sanadikire komitiyo. Anazungulira kuseri n'kubwera ndi mtsikana wa ovolosi yomukulira, penti mpaka m'makutu.

Namisomali anagwada, n'kusuzumira pa kabowo kamene panali chogwirira. Anaona diso la ahedi likumuyang'ana.

"Bwana, nditsegule molankhula kapena mosalankhula?"

"Iwe ndiwe kalipentala?" anafunsa woyendera m'katimo.

"Lero lokha, mayi. Mawa ndili Fomu 3."

Mtsikanayo anatulutsa sikuludiraiva ija, n'kuika chala chake pomwe pankakhala cha bambo ake. Anailowetsa pakabowo, n'kupotokola pang'ono. Loko anati khethe, ngati wamva dzanja lomwe amalidziwa. Woyendera anatuluka ngati mpira, osafunsa njira, ndipo ana makumi anayi a udokotala anamupatsa mpata.

Atabwerako anali munthu wina, wodekha, woopsa. M'manja anali atanyamula njerwa.

"Iyi ndaipeza kuseri uko. Ili ndi chizindikiro cha chitseko. Ikuoneka kuti ndi yokhayo imene inkagwira ntchito yake pano."

Anaitanitsa apenti onse khumi ndi awiri n'kuwafunsa masamu. Analephera, monga mwa mwambo wawo. Kenako anawafunsa zimene amatha. Wina amakonza mawailesi. Wina ndi amene anasoka makatani a mu ofesi momwemo. Khoma lawo la kuseri linali lowongoka mizere kuposa kaundula wa ahedi.

"Ahedi, kalata ija munaiwerenga mpaka kumapeto?"

Sanaiwerenge. Anaimira pa mawu oti choko. Tsamba lachiwiri linkanena kuti chaka chino theka la malikisi likuchokera pa luso la manja, kuona ngati ana akukonzekera ntchito.

"Ndi ana awa mukanachoka kumchira," anatero woyendera. "Koma inu mwandiuza nokha kuti ndi aganyu, ndipo ophunzira anu ali ndi chimfine. Ndilemba zomwe ndaona. Sukulu yophunzitsa ana kuyankha osawaphunzitsa kutsegula, ndi ahedi obisa ana m'malo mowaphunzitsa."

Mwezi usanathe mpando wozungulira unapita kwa achiwiri. Iwo anachita zinthu ziwiri tsiku loyamba: anapempha Namisomali kukonza chitseko, n'kupereka ana khumi ndi awiri aja kwa mphunzitsi watsopano wa masamu.

Mphunzitsiyo analowa m'kalasi atagwira choko ngati chimaluma. Pa phewa la suti yake panali pakadali kabuluu. Anayang'ana mtsikana wa kutsogolo nthawi yaitali, kenako anati, motsitsa mawu:

"Bambo ako anali mmisiri. Ndinayenera kubwera kumaliro."

"Kalata yanu tinaisunga," anatero Namisomali. "Ndi imene timatchingira windo losweka. Tiyambe, aphunzitsi, kapena lero ndinu bwana?"

Kalasi lonse linafa nacho chiseko, ndipo aphunzitsiwo anatembenukira ku bolodi msangamsanga, akuti fumbi la choko lawalowa m'maso.

Njerwa ija ili pa tebulo la ahedi atsopano, ikupsinja mapepala. Mlendo akafunsa za iyo, amangomuuza kuti penti imabisa chingamu koma sitsegula chitseko. Akuluakulu anaziona kale zoterezi pamene anati: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.