Mphatso ya a Everson pa Ukwati wa Sheila

A Everson Mulipa anali telala wa pakhonde la golosale ina ku Chilomoni, munthu waluso pa makina koma wa liuma. Pa nkhani ya nyimbo ndiye sankapindika n'komwe. Kwa iwo nyimbo yojambulidwa mu situdiyo inali ngati nsomba ya m'chitini, yongodyera njala. Nyimbo yeniyeni, iwo ankatero, ndi ya pa shoo, woimba thukuta lili kamukamu, ng'oma ikukugunda m'chifuwa. Wobwera kudzapinditsa buluku ankachoka atamva ulaliki umenewu, afune asafune.

Ndiye mwana wawo woyamba, Sheila, anapeza banja. Inu mukudziwa kuti ukwati wa m'tauni masiku ano ndi masitepe. Madzulo alionse operekeza akwati ankasonkhana kuseri kwa nyumba, kasipika kali pawindo, n'kumayeserera kavinidwe kolowera mu holo. Nyimbo anasankha ya Haruna, woimba wa ku Bangwe amene Sheila ankamukonda kuyambira ali kusekondale. Ankaibwereza mpaka ndi nkhuku za pakhomopo zinailoweza. Sitepe iliyonse inali ndi malo ake: gitala akalira apa onse atembenuke, ndime yachiwiri ikayamba mkwati wamwamuna agwade apereke duwa kwa Sheila. Sheila mtima wake wonse unali pa kalowedwe kameneka.

A Everson zinkawawawa. Mwana wawo akalowe mu holo ndi nyimbo ya pa memore khadi ngati wakwera minibasi? Poti masuti a bandi ya Haruna ankasoka ndi iwo, anakamunong'oneza mnyamatayo, ndipo anagwirizana kuti adzabwere ndi bandi yonse.

“Abambo a Sheila, mwayamba kumwetulira nokha,” anatero akazi awo tsiku lina. “Mukubisa chiyani?”

“Mudzaona pa tsikulo.”

“Ngati ndi za ukwati, auzeni akomiti. Kapena mufunse mwini wakeyo.”

“Mphatso safunsira, mayi,” anayankha a Everson, n'kupitiriza kupalasa makina.

Tsiku linafika, holo ya ku Zingwangwa itadzaza mpaka m'mawindo. Woyendetsa mwambo atalengeza kuti nyimbo yolowera aimba ndi mwini wake, nthungululu zinaphulika. Sheila ali pakhomo anagwira pakamwa posakhulupirira. A Everson anayang'ana uku ndi uku kuti aliyense adziwe kumene zabwinozi zachokera.

Koma woimba wa pa shoo sayenda m'njanji. Woimba gitala anayamba n'kudzionetsa kaye, operekeza ali chiimire pakhomo, mwendo umodzi uli m'mwamba, kudikira poyambira. Ng'oma itagwira, inagwira mothamanga, mzere wa anyamata n'kugundana ndi wa atsikana. Asanakhazikike, Haruna anadula nyimbo.

“Zingwangwa mulipo? Sindikukumvani. Manja m'mwamba!”

Alendo anakweza manja, ena anasiya mipando n'kudzaza mpata umene akwati amayenera kudutsamo. Ndime yachiwiri Haruna anaidumpha, chifukwa pa shoo anthu amakonda kolasi. Mkwati wamwamuna, mwana waulemu, anagwadabe pamene iye anaganiza kuti ndi pomwepo, ndipo azakhali ena ovina chobwerera m'mbuyo anamukhalira pamsana. Holo inafa nacho chiseko. A Everson okha, maso ali chitsinzire, ankagwedeza mutu kuti nyimbo ndi imeneyi.

Atatsegula maso anaona Sheila ataima pakati pa chipwirikiticho, osavina, misozi ikuchotsa zodzoladzola zonse. Apa m'pamene anazindikira kuti alakwitsa.

Anapulumutsa zinthu ndi mayi a Sheila. Anakwera kutsogolo, chitenje atamangira m'chiuno, nalankhula ndi woimbayo mwaulemu wake.

“Achimwene, mwaimba bwino. Koma tayiimbani ngati mmene ilili pa wailesi.”

“Mayi, ija ndinajambula kalekale,” anatero Haruna akupukuta thukuta. “Mmene inayendera sindikumbukanso. Akanandiuza za masitepe, tikanayeserera limodzi.”

“Ndiye khalani apa, mudye kaye.”

Akwati ndi operekeza anatulukanso panja, Sheila anakonzedwa kumaso, foni inalumikizidwa ku masipika. Nyimbo ya mu situdiyo ija inayamba, ndipo masitepe anagwera m'malo mwake bwinobwino. Haruna wa pa foni ankaimba, Haruna weniweni ali pampando ndi mbale ya mpunga, akudzimvetsera n'kumavomereza ndi mutu. Bandi inadzaimba pambuyo pake, pa nthawi yofupa, ndipo kunena zoona inakometsa ukwati. Koma a Everson sanadzuke pampando.

Sheila anabwera yekha kudzawagwira dzanja.

“Adadi, ndikudziwa kuti mumandifunira zabwino,” anatero motsitsa mawu. “Koma ukwatiwu ndi wanga. Mukanangondifunsa.”

Bambo amene ankatha kutsutsa msika wonse wa Chilomoni anagwidwa ndi manyazi. Anangoti, “Pepa, mwanawe.”

Chimene anabweretsa chinali uchi ndithu, palibe angakane. Koma akuluakulu anati safunsa anadya phula.