Msomali M'malo mwa Fyuzi

Panali munthu wina, mlimi wa tomato kumapiri, amene anatopa ndi kupempha malo m'galimoto za eni. Tsiku lina anagula pikapu yakale imene inakhala pamiyala zaka zisanu kuseri kwa chigayo. Kuitchula galimoto kunali kungoilemekeza. Injini munalibe, mipando munalibe, ndipo mawaya onse anthu anazula kalekale n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo. Nkhuku zinkaikira mazira m'menemo.

Anthu anamuseka, koma mkuluyo anali wamakani. Chaka choyamba anagula matayala ndi mipando. Chachiwiri anagula injini ya dizilo yochokera m'minibasi imene inachita ngozi. Chachitatu anaitana mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, amene anali mmisiri wa mawaya a galimoto, kuti adzalumikize injini yachilendoyo ku galimoto imene sinabadwe nayo.

Mlamuyo sanali munthu wothamanga. Mawaya ankawayesa mmodzimmodzi ndi kababu, kuwamata tepi, n'kulembapo kumene akupita. Pafupi ndi chiwongolero anaika kabokosi ka mafyuzi. Fyuzi ndi kachitsulo kopyapyala, kosaoneka kanthu. Ntchito yake ndi imodzi yokha: magetsi akasochera, iko kamapsa koyamba, njira n'kuduka, moto usanalowe m'mawaya.

Ntchito inatenga milungu itatu, ndipo tomato kumunda sanadikire. Anapsa, anathyoledwa, nadzaza madengu makumi atatu. Msika unali m'mawa mwake.

Masana, msika uli mawa, mmisiri anapotoza kiyi. Injini inalira, mlimi n'kudumpha ngati mwana. Asanamalize kusekerera, injini inazima. Fyuzi inali itapsa. Anaika ina, inapsa. Anaika yachitatu, nayonso inapsa.

Mmisiri anapukuta manja n'kunena kuti, "Alamu, penapake pali waya wasupuka, akukhudza chitsulo. Ndipatseni masiku awiri ndimasule, ndimupeze."

"Masiku awiri? Ndiye tomatoyu ndimuuze kuti ayambe wadikira kuwola? Vuto ndi tifyuzi tanu tosalimbati. Ikani msomali, anzanu amatero."

"Zimenezo ine ayi, alamu. M'galimotomu mukwera mlongo wanga."

Atatero anatolera zida zake, nalonjeza kuti alawirira kudzayamba kumasula.

Mlimi anatsala akuyang'ana madengu. Mantha ake anali oona, tisamunamizire. Madengu a pansi anali atayamba kale kuchucha madzi, ndipo ntchentche zinali zitamva. Kutacha, mlamu asanafike, mlimi anatenga msomali, naudula ndi pulayazi, naukhomera pamene panali fyuzi. Anapotoza kiyi. Injini inalira, ndipo ulendo uno sinazime.

"Waona?" anatero kwa mkazi wake. "Achimwene ako aja sukulu inawapatsa mantha."

Anapakira tomato, mkazi anakwera kutsogolo, nauyamba ulendo. Anthu amene ankamuseka aja anaima m'mbali mwa msewu, iye akuwaimbira hutala.

Amati tsoka silinunkha, koma ili linanunkha. Atayamba kutsetsereka phiri, mkazi anati, "Bambo, mukumva fungo? Ngati pulasitiki ikupsa."

"Ndi mabuleki amenewo. Khala phee."

Anayenda pang'ono. Kautsi kanatuluka pansi pa chiwongolero, kochepa ngati ka ndudu. Mlimi anakaona, koma anayang'ana kumsewu. Malo oimapo panalibe: kumanja thanthwe, kumanzere phompho. Utsi unakula, unada, n'kuyamba kuwawa m'maso. Mkazi anayamba kutsokomola. Pamene ankafika pokhota pamene msewu unatambasukako, mawaya anali akudontha moto pamapazi awo.

Anaimitsa galimoto, nazimitsa injini, koma moto sunafunenso kiyi. Mlimi anatuluka. Mkazi anakankha chitseko chake, osatseguka. Chogwirira cham'kati chinapita ndi ogula zitsulo aja, ndipo chitsekocho chinkatsegukira kunja kokha. Mayi uja anamenya galasi ndi zikhatho, akuitana mwamuna wake.

Mlimi anathamanga kuzungulira galimoto, naterereka, nadzuka, nagwira chitseko. Chinakana. Anachikoka ndi manja onse awiri, phazi ataponda pathupi la galimoto, mpaka chinatseguka. Anamukokera mkaziyo kunja, chitenje chikuyaka, nachizima ndi dothi ndi manja ake. Mwendo wa mayiyo unali utapsa kuyambira kubondo mpaka kukakolo.

Anakhala pansi patali, akuonerera. Matayala a chaka choyamba anaphulika. Injini ya chaka chachiwiri inada bii. Madengu anayaka, tomato akuphulika m'moto. Mkulu uja analira mokweza, osachita manyazi ndi anthu odutsa.

Mlamu anamva, nabwera pa njinga yamoto. Anayamba waperekeza mlongo wake kuchipatala. Madzulo anabwerera pamalopo, zitsulo zitazizira, nayang'ana mpaka anapeza pamene panayambira zonse. Injini yatsopano ija, pokhala yaikulu kuposa yakale, inapanikiza waya mmodzi kuchitsulo n'kumusupula. Inali ntchito yoti munthu akanaikonza ndi tepi ya m'thumba.

Kenako anafukula phulusa pafupi ndi chiwongolero, natola kanthu, napita nako kwa mlimi.

"Alamu, tambasulani dzanja. Msomali wanu uwu. Wokhawu ndiye sunapse."

Abale anga, pakhomo panu pali wina amene amapsa mtima msanga mukayamba kusochera. Mwina ndi mkazi wanu, mwina mnzanu wakale, mwina mkulu wa mpingo amene simumukonda. Amakuimitsani pa tsiku limene mukufulumira, ndipo mumati ndi wofooka, wansanje, wochedwetsa zinthu. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mukamuchotsa n'kuikapo wongovomera zilizonse, galimoto iyenda ndithu, hutala muimba. Koma tsiku la moto wovomerayo adzatuluka wosapsa, ndipo chipsera adzanyamula ndi amene munakwera naye.