Batani Lofiira ndi Dzina la Khanda

Kalekale, koma osati kale la makolo athu, kale la dzanali pamene mafoni odina pagalasi anali atangofika m'midzi, kunali ana atatu a mimba imodzi. Wamkulu anali Gidiyoni, amene anaphunzira za makompyuta ku tauni. Wotsatira anali Esinati, mphunzitsi wa ana a sitandade wani. Chitsirizira anali Yotamu, telala wa pamsika.

Mudzi wawo unali kuseri kwa phiri, kutali ndi chipatala cha mishoni, ndipo munthu akadwala mwakayakaya ankamunyamula panjinga. Tsono achipatala atapeza ambulansi anapempha Gidiyoni kuti apange pulogalamu ya pafoni yoitanira galimotoyo, ndipo anaika foni imodzi m'mudzi uliwonse.

Gidiyoni anali munthu wadongosolo, wosafuna kuti pasowe kanthu. Foni yake inkayamba yafunsa nambala yachinsinsi, kenaka dzina la wodwala, zaka zake, mudzi, mfumu, ndi mtundu wa matenda. Pamapeto pa zonsezo ndi pamene pankabwera batani lofiira loitanira. Atamaliza anasonkhanitsa anthu pabwalo la tchalitchi, nawaonetsa iye mwini, zala zikungothamanga.

"Mwaiona bwanji?" anafunsa motero.

"Zili bwino kwambiri, achimwene!" anthu anayankha, amayi naimba nthungululu.

Amati safunsa anadya phula. Gidiyoni anafunsa, koma phula anadya ndithu. Anaiwala kuti kwathu kuno munthu sanyoza mphatso pamaso pa mwini wake, makamaka ngati mwini wakeyo ndi mwana wa m'mudzi momwemo amene wabwera atamanga tayi.

Tsiku lina masana amalume a ana atatu aja, a Welosi, anagwa ali m'munda. Foni ya mudziwo inkasungidwa ndi akazi awo omwe. Mayi aja anathamanga, natenga foni ndi manja adothi, nayamba kulimbana ndi mafunso aja. Kenaka anaisiya. Anthu anawakweza a Welosi panjinga, ndipo anatsirizikira pa mtsinje, ambulansi ili chiimire pansi pa mtengo kuchipatala.

Pamaliro palibe amene analoza Gidiyoni chala. Azakhali ake, akazi a malemuwo, anamugwira dzanja nati, "Usadandaule, mwananga. Foni yako ndi yabwino, mbuli ndine. Ndinafika pa chofiira chija n'kuopa kuti ndiononga chinthu cha amishoni."

Akanamutukwana zikanapepuka. Kuyambira tsiku limenelo Gidiyoni analeka kudzera kumsika, ndipo m'tchalitchi ankakhala pa benchi yakumbuyo, maso ali pansi.

Esinati ndiye anayamba kuchitapo kanthu. "Achimwene, kubisala sikudzutsa amalume," anatero. "Ine ana anga sindiwafunsa ngati amva, chifukwa onse amati eee. Ndimangowapatsa choko n'kuona." Anatenga mchimwene wakeyo kupita naye kutsidya kwa mtsinje kumene sankamudziwa, namukhazika kumbuyo kwa amayi amene anali pamjigo. "Manja pamaondo, pakamwa chete. Mukangothandiza mmodzi ndikuthamangitsani." Kwa amayiwo anati, "Sitikuyesa inu ayi, tikuyesa foniyi. Anaikonza ndi munthu wina wa ku tauni, sali pano. Yerekezani kuti mwana wakomoka. Itanani ambulansi, ndipo zimene mukuganiza muzinena mokweza."

Woyamba anali mayi Nachisale, munthu wosasunga mawu m'kamwa. Anatembenuza foni uku ndi uku kuthawa dzuwa, popeza zilembo sizinkaoneka. "Ikufuna zaka za wodwala? Ndimudzutse wokomokayo ndimufunse?" Amayi anafa nacho chikhakhali. "Iyayi aphunzitsi, amene anapanga chinthuchi sanadwazikepo munthu. Mkazi wake ndikumumvera chisoni. Akapempha madzi akumwa, bamboyo amayamba wamufunsa dzina la mfumu!" Foni inayenda m'manja mwa amayi onse, ndipo ambiri anagonja pa nambala yachinsinsi. Amene anafika pa batani lofiira anabweza chala ngati akhudza moto. Gidiyoni, manja ali pamaondo, anaona ndi maso ake njira yonse imene azakhali ake anadutsa.

Yotamu atamva zimenezi anati, "Achimwene, musathamangire pa kompyuta. Ine sindidula nsalu ya mwini ndisanadule pepala." Anatseka shopu yake, nadula makatoni msinkhu wa foni, najambulapo mabatani ndi makala. Tsiku ndi tsiku ankapita kuchigayo kumene anthu amadikira nthawi yaitali, n'kumapatsa aliyense katoni kuti adine. Poyamba anajambula mtanda wa chipatala, koma agogo ena anati, "Apa ndiye poitanira maliro?" Anataya katoniyo. Anajambula belu, anthu nati ndi za sukulu. Anatayanso. Makasitomala ake anapita kwa matelala ena, iye osaleka, mpaka anapeza chimene aliyense ankachidina osafunsa: galimoto yaikulu pa batani lobiriwira, kenaka zithunzi zitatu, mayi woyembekezera, mwana, ndi munthu wamkulu atagona. Anapezanso kuti anthu akadina ankaika katoniyo kukhutu, kudikira kuti wina awayankhe.

Gidiyoni anatenga makatoni aja nakhala pa kompyuta. Ndi dzanja lake lomwe anafufuta ntchito imene anainyadira, nambala yachinsinsi ndi mafunso onse aja. Anakonza kuti foni izidziwa yokha mudzi umene ili, anakulitsa zithunzi kuti zizioneka padzuwa, ndipo anaikamo mawu a munthu onena kuti, "Tamva. Ambulansi yanyamuka." Kenaka anabwerera pamjigo paja, nakhalanso kumbuyo chete, nakonzanso zimene zinawakola amayi. Atakhutira anayenda mudzi ndi mudzi wapansi kusintha mafoni. Anayambira kwa azakhali ake, kumene anagwada pakhomo nati, "Simunalakwe inu, azakhali. Inalakwa ndi foni, ndipo foniyo ndinaipanga ndine."

Mvula itagwa, matenda anamuyamba Feliya, mwana wa mayi Nachisale amene anali woyembekezera, masiku asanakwane. Mwana anapingasa, magazi nayamba kutayika. Mayi Nachisale anatenga foni ndi manja onyowa, nadina galimoto, nadina mayi woyembekezera, ndipo mawu aja anawayankha. Ambulansi inafika mtsinje usanadzaze. Feliya anapulumuka, ndi khanda lake lalikazi lomwe.

Mchombo utagwa, mayi Nachisale ndi mkamwini wawo anaoloka mtsinje atanyamula nkhuku. Achipatala anali atawalozera nyumba ya ana atatu aja. "Tabwera kuti amene anapulumutsa mwana wathu atchule khandali dzina," anatero mkamwini. Pamenepo Gidiyoni anatuluka m'nyumba, ndipo mayi Nachisale atamuona anatseka pakamwa ndi chitenje.

"Si bambo aja ankakhala kumbuyo kwathu awa? Ndi amene anapanga foni ija?" Anatembenukira kwa Esinati. "Aphunzitsi, munandinamiza. Mwanditukwanitsa munthu pamaso pake, mpaka mkazi wake yemwe ndinamutchula. Ndiyang'ana kuti ine?"

Esinati anawerama. "Ndikanati ndinene zoona, mayi, mukanati zili bwino. Komabe bodza ndi bodza. Dzina la mwana lisachokere pakamwa pamene pananama. Atchule Yotamu."

Yotamu anapukusa mutu. "Katoni siitana galimoto, achemwali. Ine ndinangojambula ndi makala. Chimene chinalira kuchipatala ndi cha achimwene."

Onse anayang'ana Gidiyoni. Mumtima mwake ankalifuna dzinalo, pakuti linali ngati madzi osamba pamaso pa mudzi. Koma atakweza maso anaona azakhali ake ali pakhonde lawo, atavalabe duku lakuda. "Wokumba dzenje panjira sathokozedwa polikwirira," anatero motsitsa mawu, "makamaka ngati munagwera kale munthu."

Nkhuku inali chigonere pansi, miyendo yomanga. Khanda linali kutsidya lopanda dzina, ndipo mwana sakhala wopanda dzina, komanso satchulidwa ndi pakamwa patatu. Popanda maso a Esinati cholakwa sichikanaoneka, koma anachipeza ponamiza anthu aulemu wawo. Popanda makatoni a Yotamu njira yabwino sikanadziwika, ndipo iye yekha ndiye anataya makasitomala ake pa mlandu umene sunali wake, koma makatoniwo sakanadzutsa dalaivala. Popanda Gidiyoni ambulansi sikananyamuka, komatu ndi Gidiyoni yemweyo amene anaigoneka pansi pa mtengo tsiku limene a Welosi anagwa m'munda.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, musandiyankhe kuti zili bwino. Ndiuzeni, pa atatuwa, ndani aoloke mtsinje kukatchula mwana wa Feliya dzina?