Timiyala Tobiriwira ta Mkamwini Kalizang'oma

Kalekale, makolo a Aphiri a kwa Msunduzi atachoka kumpoto pothawa chilala, anakhazikika patsinde pa phiri lakuda lotchedwa Chiphala. Mwini mbumba anali Msunduzi, ndipo mlongo wake Nasuluma, mayi wa Mwandida ndi Tsoka, anakwatiwa ndi mkamwini wosula makasu, dzina lake Kalizang'oma, munthu amene kwawo sikunkadziwika bwino.

Tsiku lina Nasuluma anapeza m'thumba la mwamuna wake timiyala tobiriwira ngati msipu wa mvula yoyamba, towala mpaka m'kati. Atamufunsa, iye anati timapezeka m'mimba mwa miyala yakuda ya m'phirimo, koma Nasuluma, amene anali atatola nkhuni kumeneko zaka zisanu osaonapo zotere, sanakhutire. Mwezi womwewo ana atatu a m'mudzimo anadwala, ndipo anthu anayamba kunong'onezana kuti mlendoyo akusunga maso a afiti.

Msunduzi analamula kuti mkamwiniyo amwe mwabvi. Nasuluma, poopa umasiye, anagwada nati, "Achimwene, chithumwa chimapsa ndi moto. Tiponye timiyalati m'ng'anjo. Tikapsa, mum'mwetse."

Anthu anaponya timiyalato m'ng'anjo, napemerera moto ndi mvukuto kuyambira m'mawa mpaka mtapo wachitsulo unasungunuka, koma atafukula phulusa anapeza timiyala tija tili tobiriwirabe.

"Mwaona, alamu, ndi miyala chabe," anatero Kalizang'oma.

"Mwala wanji wosaopa moto?" anayankha Msunduzi. "Dzuwa la mawa lisakupezeni pano."

Ngakhale mwambo unali woti mkazi atsale kwa abale ake, Nasuluma anatenga ana ake natsata mwamuna wake kuseri kwa phiri, kumene anamanga mudzi wawo. Kumeneko Kalizang'oma anaswa mwala wakuda mkazi wake akuona, ndipo timiyala tobiriwira tinayoyoka ngati njere za mapira. Nasuluma anaona ndi maso ake, komabe mkanda wa timiyalato umene mwamunayo anamupangira sanauvale mpaka imfa yake, pakuti ankati chimene chinadwalitsa ana aja sanachidziwe.

Lero ogula miyala yamtengo wapatali amautcha mwalawu olivini, ndipo amauika pa mphete ndi ndolo. Zidzukulu za Nasuluma zimaukumba ndi kuugulitsa, koma akazi a mbumba yake sauvala. Chigumuka cha ng'anjo chikadalipo pakati pa midzi iwiriyo, ndipo a kwa Msunduzi akamadutsa pamenepo amalambalala.